Seva yosungira mavidiyo ku Senga Bay: momwe ntchito ikuyendera

Seputembala 2025, kumayambiriro

Ntchito yomanga sevayi ndi yosonkhanitsa mavidiyo ndi zithunzi za makasitomala athu, zomwe pakadali pano zamwazikana m'mahadi disiki a m'thumba, m'mafulashi ndi m'mamemori khadi, n'kuziika pa kompyuta imodzi yongosunga basi. Timajambula maukwati, zinkhoswe, makwaya ndi miyambo yovundukula ziliza kuyambira ku Chipoka mpaka ku Khombedza, ndipo katunduyu wachuluka moti kupeza fayilo imodzi kumafuna kukhuthula kabati yonse.

Masamu ake ali chonchi. Kamera yathu yaikulu ikamajambula 4K imalemba pa 100 Mbit/s, ndiye kuti 45 GB pa ola. Yaing'ono ya 1080p imadya theka lake. Ukwati wa kuno suthera ku tchalitchi. Pali zithunzi za pamchenga kunyanja, pali perekaniperekani wa kuholo amene sathamangitsidwa, ndiye pofika madzulo makamera awiriwa amakhala atadzaza 300 GB kapena kuposa. Anzanga ena amati bwanji osangoponya pa Google Drive. Ngakhale netiweki itakukomera mtima n'kumakweza pa 10 Mbit/s osadukiza, 300 GB ingatenge maola oposa 66. Za bandulo yake tisanene.

Kufufuta zakale nakonso sikutheka. Munthu amatulukira patapita zaka, nkhope ili yachisoni: "Achimwene, DVD ija inakandika, simungatipezereko ina? Mujatu muli malemu agogo akuvina." Ameneyo sungamuuze kuti malo anatha.

Seputembala, pakati pa mwezi: kusankha makina

Ma NAS, timabokosi tosungira mafayilo pa netiweki, ogula okonzakonza a Synology kapena QNAP, ndi abwino ndithu, ang'onoang'ono komanso osadya magetsi. Koma mtengo umauonawo ndi wa bokosi lopanda kanthu, madisiki ugule padera, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha madola chimaluma. Chinanso, adaputa yake itapsa uli kuno, udikira kuti wina akubweretsere kuchokera kunja. Raspberry Pi 5, kompyuta yaing'ono yokwana m'dzanja, ndinaiganizirako chifukwa imadya magetsi ochepetsetsa, koma madisiki akuluakulu amafuna magetsi awoawo ndi timabokosi tawotawo, mapeto ake tebulo lodzaza zingwe zomwe mwana akhoza kukoka.

Ndatsamira pa makompyuta akale a m'maofesi. Microsoft inalengeza kuti isiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Ndiye makina a m'badwo wa 6 ndi 7 maofesi akuwataya ali amoyo bwinobwino. Seva sifuna Windows, choncho zimenezi kwa ine ndi mwayi.

Ndasankha HP EliteDesk 800 G3, yopyapyala ija amaitcha SFF. Chifukwa chake chachikulu n'chakuti m'kati mwake mumakwana madisiki awiri a mainchesi 3.5, pomwe makina ambiri a msinkhu umenewu mumalowa imodzi yokha. Ilinso ndi malo otchedwa M.2 oikapo SSD (disiki yaing'ono yopanda zozungulira m'kati), malo anayi a RAM ya DDR4, ndi khadi la netiweki la Intel la gigabiti. Purosesa yake ndi Core i5-6500 ya mu 2015. Wogulitsa ankandikakamiza ya i7 kuti ndi yaliwiro. Liwirolo ndilibe nalo ntchito. Makina ongolandira ndi kupereka mafayilo purosesa yake imakhala ikuodzera pafupifupi tsiku lonse, ndipo ndalama yowonjezerayo bola ipite ku madisiki.

Seputembala, kumapeto: madisiki

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndi pomwe padya ndalama zambiri kuposa zina zonse kuphatikiza pamodzi.

Ndinayamba ndi ku Lilongwe, m'timashopu ta makompyuta ta ku Area 2. Ndinanyamula laputopu ndi kachipangizo kolumikizira disiki ya SATA ku USB. Pashopu ina mnyamata anatulutsa disiki ya 6 TB yokutidwa m'pepala lake lonyezimira lija, yooneka yoyera bwino.

"Bwana, iyi ndi nyuwani, yangofika kumene."

"Ndiiyese kaye, achimwene?"

"Yesani bwana, palibe vuto."

Disiki iliyonse imasunga mbiri yake mwa iyo yokha, amaitcha SMART, ndipo pulogalamu yaulere ngati CrystalDiskInfo kapena smartctl imaiwerenga m'kanthawi kochepa. Mzere wa nambala 9 umanena maola omwe disikiyo yakhala ikuyaka. Apa unaonetsa oposa 31,000. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye "nyuwani" ija inali itagwira kale ntchito usana ndi usiku kwa zaka zitatu ndi theka. Mzere wa 5, wa magawo owonongeka omwe disiki yawalowetsera m'malo, sunalinso pa ziro. Mnyamatayo anasuzumira pa sikirini, n'kuseka, n'kunena kuti iwonso amangolandira katundu m'makatoni. Ndinamukhulupirira. Ndinagula kwa iye zingwe za SATA ndi phala lopaka pa purosesa, tinasiyana bwinobwino.

Mizere yoyang'ana ndi 5, 9, 194 wa kutentha, ndi 197 wa magawo omwe akukayikitsa. Koma SMART nayo akuba anaiphunzira kufufuta. Kumayambiriro kwa 2025 ku Germany ndi m'mayiko ena kunabuka nkhani ya madisiki a Seagate Exos ogwira kale ntchito, omwe ogulitsa achinyengo anawabweza pa ziro n'kumawagulitsa ngati atsopano. Chinawaulula ndi kaundula wina wa m'madisiki a Seagate wotchedwa FARM, yemwe smartctl kuyambira mtundu wa 7.4 imatha kumuwerenga. Maola a SMART ndi a FARM akasiyana kwambiri, disikiyo isiyeni.

Nkhani ina ndi ya kalembedwe. Pali madisiki a CMR, omwe mizere yake yolembapo imagona payokhapayokha, ndi a SMR omwe mizere yake imasanjikizana kuti mulowe zambiri. A SMR akamalemba pang'ono sumaona kusiyana, koma ukawathira mafayilo akuluakulu kwa maola ambiri amayamba kukwawa, chifukwa kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo. Mu 2020 zinadziwika kuti ma WD Red ena a 2 TB mpaka 6 TB anali a SMR, ndipo chaka chomwecho kampaniyo inapatula a CMR n'kuwatcha Red Plus. Pogula, mtundu wa chikuto usakunamizeni, werengani nambala: WD60EFAX ndi SMR, pomwe WD60EFRX, WD60EFZX ndi WD60EFPX ndi CMR. Ma IronWolf a Seagate onse ndi CMR. Kwa ife ojambula maukwati, amene timakhuthula 300 GB nthawi imodzi, kusiyana kumeneku si kwa pa pepala chabe.

Mapeto ake ndatuma alamu anga a ku Joni. Ndawauza agule awiri a 6 TB, wina Red Plus wina IronWolf, onse a 5400 rpm kapena kufupi ndi pamenepo chifukwa ozungulira pang'onopang'ono satentha ngati a 7200. Ndasakaniza makampani dala, kuti asakhale mapasa a tsiku limodzi odzadwalanso tsiku limodzi. Ndawachondereranso kuti awanyamule m'chikwama cha pamsana, osati m'katundu wa pansi pa basi. Anandiyankha kuti, "Alamu, mazira amenewa?" Ndinati eya, mazira.

Okutobala, sabata zoyambirira: kumanga

Madisiki afika amoyo, maola onse pa ziro, FARM ya IronWolf ikugwirizana ndi SMART.

Makina ndinawapukuta fumbi, kuchotsa phala louma la pa purosesa n'kupaka latsopano, ndi kusintha kabatire ka CR2032 komwe kamasunga nthawi ndi zosankha za BIOS, pulogalamu yoyamba kudzuka makina akayatsidwa. Pa makina a zaka zimenezi kabatireka ndi koyamba kusintha, ndipo mudzaona m'munsimu chifukwa chake n'kofunika kuno. RAM ndaikweza kuchoka pa 8 GB kufika 16 GB, n'kuisiya usiku wonse pa Memtest86+, pulogalamu yoyesera RAM. Palibe cholakwika. Madisiki a mu HP imeneyi samangidwa ndi masikuluu wamba, amafuna aja okhala ndi kamphira kabuluu omwe amatsetsereka m'njanji zake. Anayi ndinawapeza m'makinamo, ena anayi kwa mnzanga wokonza makompyuta pa Kamuzu Road, m'chitini chake cha masikuluu osiyidwa.

Pulogalamu yoyendetsa ndaika TrueNAS, pa SSD yaing'ono ya M.2 payokha, chifukwa imalanda disiki yonse yomwe yakhalapo. Imafuna RAM yosachepera 8 GB, ndipo yotsala imaigwiritsa ntchito posunga pafupi mafayilo owerengedwa kawirikawiri. Inzake yotchedwa OpenMediaVault ndi yopepuka ndipo ikanakwana, koma ndinkafuna ZFS, njira yosungira mafayilo pa disiki yomwe TrueNAS imabwera nayo kale. ZFS imalemba chizindikiro cha chidutswa chilichonse cha fayilo, ndiye chidutswa chikavunda pa disiki imodzi imazindikira n'kuchikonza potengera inzake. Madisiki awiriwa ndawaika ngati kalilole, chilichonse chimalembedwa kawiri. Pa 12 TB yomwe ndinalipira ndatsala ndi 6 TB, yomwenso kompyuta imaiwerenga ngati 5.46 TiB, ndipo ZFS sikondwa ukaidzaza kupyola 80 peresenti. Ndiye malo enieni ndi ochepera 4.5 TiB. Lamulo lakhala lakuti vidiyo yomalizidwa ikhala mpaka kalekale, koma zosadulidwa zizichoka pakatha miyezi isanu ndi umodzi kasitomala atalandira zake.

Okutobala kumapeto mpaka Novembala: kutentha

Zonse zomwe ndinawerenga pokonzekera zinalembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira, omwe amaika seva m'kabati n'kutseka chitseko. Kuno mwezi uno dzuwa likuswa mtengo, panja pamadutsa madigiri 35 masana, ndipo chipinda chomwe ndinayamba kuikamo makinawa n'cha malata opanda siling'i. Pokopera mafayilo cha m'ma 2 koloko masana, disiki yapamwamba inafika madigiri 52. Opanga amati malire ndi 65, koma amenewo ndi malire a kupirira, si oti disiki izikhalapo tsiku ndi tsiku. Ndikufuna zisamadutse 45.

Chomwe ndaona n'chakuti mu bokosi lopyapyalali madisiki awiri amagona mothithikana, ndipo fani ya purosesa imazungulira molingana ndi kutentha kwa purosesa. Poti purosesayo ikungoodzera, fani nayo imapuma, madisiki n'kumapsa okha popanda wowapepesa. Ndiye mankhwala ake sanali ogula chitsulo chatsopano. Ndachotsa DVD yomwe inkangotseka njira ya mpweya, ndachotsa chivundikiro cha pulasitiki cha kutsogolo, ndipo ndaika fani ya 120 mm ya USB yopemerera molunjika pa madisiki. Makinawo ndawasamutsira m'chipinda cha kum'mwera chomwe chili ndi siling'i, pa shelefu yotalikirana ndi pansi. Kutalikako ndi chifukwa cha fumbi la posesa, komanso tonse tikukumbukira mu 2024 nyanja itadzaza madzi n'kulowa m'malo ogona alendo a m'mphepete muno. Pano masana akufika 43 kapena 44, usiku 38.

Kenako kunabwera nkhungu. Amene sanakhaleko kunyanja sangamvetse: zimadzuka pamadzi ngati utsi wa moto wolusa, mphepo ikazikankhira kumtunda zimalowa paliponse pomwe pali kuwala. Fani ndinagula ija inali ndi timagetsi tabuluu tokongoletsa. M'mawa mwake ndinapeza mapiko a fani atamatidwa phala lakuda, zina zitapanikizika pakati pa madisiki awiri aja, zina zitaunjikana pa zipsepse za chitsulo choziziritsa purosesa, fungo lake la usipa wouma. Ndinazichotsa ndi kaburashi kopentera ndi mpope wa njinga, makina ali ozima. Timagetsi tija ndadula waya wake, ndipo ka kutsogolo kwa makina ndakamata tepi yakuda.

Kalipentala wathu, bambo wachikulire wa pafupi pompano, wandipangira kabokosi ka matabwa kotchinga ndi waya wa udzudzu mbali zitatu, ndi chitseko chotsegula kutsogolo. Nditawafotokozera ntchito yake anagwedeza mutu: "Ndiye mwana wanga, kompyutayi ikugona m'neti pomwe ena tikulumidwa?" Wayayo wakweza kutentha ndi digiri imodzi kapena ziwiri, koma watsekeranso analimata, omwe amakonda malo ofunda ndipo akalowa mu power supply amapsa nayo limodzi. Wayayo ndikumupukuta Loweruka lililonse.

Novembala, pakati: chingwe

Kukopera kuchokera pa kompyuta yodulira mavidiyo, yomwe ili m'chipinda cha kutsogolo, kunkangoima pa 11 MB/s. Nambala imeneyi ikaoneka, dziwani kuti makina akulankhulana pa 100 Mbit m'malo mwa gigabiti. Gigabiti imafuna mawaya onse asanu ndi atatu a m'chingwe, pomwe 100 Mbit imakhutira ndi anayi, ndiye umodzi ukaduka netiweki sifa, imangotsika mwakachetechete. Chingwe chake ndi chomwe tinachipeza kale m'nyumbamu. Nditapala waya umodzi ndi mpeni, m'kati munatuluka moyera: aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, wothyoka msanga. Ndaika Cat6 ya kopa weniweni. Tsopano ndi 110 MB/s, ndipo 1 TB yomwe ikanadya tsiku lathunthu ikutha m'maola awiri ndi theka.

Novembala, kumapeto: magetsi

Ku Nanjoka kuno ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW omwe anatsegulidwa mu 2021, koma magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo kuthima kukafika ifenso timathimiridwa ngati wina aliyense. ZFS siwonongeka msanga magetsi akazima mwadzidzidzi, koma fayilo yomwe inali m'njira imatayika, ndipo kuzima n'kuyaka kobwerezabwereza disiki sikukonda.

Ndagula UPS ya 650 VA, bokosi la batire lopatsa makina magetsi kwa kanthawi akathima. Chachikulu pogula chinali kuitembenuza n'kuona ngati kumbuyo kuli pobayira USB, chifukwa zambiri zotchipa zilibe, ndipo yopanda USB singauze seva kuti magetsi apita. M'kati mwake muli batire ya 12 V 7 Ah, pa pepala 84 Wh, koma zenizeni umapeza zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Mabatire a mtundu umenewu moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa 25, ndiye kuno ndikuiwerengera ngati chinthu chosinthasintha. Ntchito ya UPS si kuyendetsa seva mpaka magetsi abwere. TrueNAS ndaiuza kuti ikakhala pa batire mphindi zisanu izidzizimitsa yokha mwaulemu.

Kuti idziyatsenso yokha, mu BIOS, polowera pa F10, pali posankha kuti makina azichita chiyani magetsi akabwerera, ndipo ndaika kuti aziyaka. Apa ndi pomwe kabatire ka CR2032 kamagwira ntchito, chifukwa kakatha zosankhazi zikhoza kuiwalika. Panali kamsampha kena. Seva ikadzizimitsa koma UPS n'kupitiriza kupereka magetsi, makinawo saona kuti magetsi anachokapo, ndiye akabwera sayaka. Mu TrueNAS muli kabokosi kouza UPS kuti nayo izime seva ikatha kuzima. Nditakachonga, ndinazula pulagi kukhoma kuyesa, ndipo zonse zinazima n'kudzukanso mwa dongosolo.

Kamita ka pasoketi kakuonetsa mawati 28 mpaka 30 makina akangokhala. Mawati 30 kwa mwezi wathunthu ndi mayunitsi 21.6. Mayi a kunyumba anafunsa za mayunitsi amenewa asanafunse china chilichonse, ndipo tagwirizana kuti azichokera ku thumba la bizinesi.

Mvula yoyamba yagwa ndi ziphaliwali zake. Wamagetsi wabwera kudzaona ngati waya wa earth wa nyumbayi ndi wolumikizidwadi pansi, poti popanda ameneyo choteteza ku mphenzi cha pasoketi n'chokongoletsa chabe. Wakhomera ndodo yatsopano ya kopa. Kukagunda kwambiri ndimazulabe pulagi ndi chingwe cha netiweki.

Disembala

Madisiki awiri m'bokosi limodzi ali ngati nkhokwe ziwiri zogundana: anankafumbwe akalowa imodzi inayo ikupulumutsa, koma moto kapena wakuba atenga zonse. Ndiye ndachita ziwiri. Usiku uliwonse ZFS ikujambula snapshot, kutanthauza chithunzi cha momwe mafayilo onse alili panthawiyo, n'kuisunga masiku 30, kuti wina akafufuta foda molakwitsa kapena vairasi ikamanga mafayilo tithe kubwerera m'mbuyo. Komanso mavidiyo omalizidwa ndikuwakopera pa disiki ya USB yomwe ikukakhala kwa achemwali ku Nkhotakota. Ili ndi loko wa pasiwedi, poti muli maukwati a eni ake. Ndizisinthanitsa ndi inzake tikamapita kukajambula cha kumeneko.

Scrub yoyamba, yomwe ZFS imawerenga chilichonse n'kuyerekeza ndi zizindikiro zake, yatha popanda cholakwika. Ndaiika kuti izichitika kamodzi pamwezi, usiku, kukazizira.

Kusamutsa zakale kukupitirira. Za 2022 mpaka 2025 zalowa zonse, ndipo mafoda akutchedwa chaka, mwezi, tsiku, kenako mwambo ndi malo, kuti azisanjika okha. Zakale kuposa pamenepo zikuchedwa chifukwa mayina ake ndi osokonekera, mafoda ambiri ndi "ukwati watsopano" ndi "ukwati watsopano 2", ndipo uyenera kutsegula vidiyo kuti udziwe ndi wa ndani. Disiki imodzi ya m'thumba ikugogoda ikangolumikizidwa. Imeneyo ndaiika padera, sindikuiyatsanso mpaka nditakonza zoikopera yonse kamodzi ndi ddrescue, pulogalamu yomwe imayamba kutola zowerengeka n'kubwerera ku malo ovuta pambuyo.

Zotsala ndi ziwiri. Masiku othima nthawi yaitali seva imakhala chigonere ndipo ntchito yodula mavidiyo imaima, ndiye ndikuwerengera batire ya LiFePO4 ya 12.8 V 100 Ah, yomwe ndi 1,280 Wh. Seva imafuna 720 Wh pa tsiku, choncho ngakhale inveta itadyako gawo lake tsiku limodzi likhoza kutha, koma kompyuta yodulira ikalowapo masamu asintha ndipo pafunika sola. Zimenezo zidikira ndalama za maukwati a Khirisimasi. Chachiwiri ndi malo: pano tadzaza pang'ono kupitirira theka, ndipo bokosili silingalandire disiki yachitatu ya mainchesi 3.5. Ikadzakwana nthawi ndidzasintha imodziimodzi ndi zazikulu, kudikira kuti yoyamba imalize kukopera ndisanachotse yachiwiri, ndipo ntchito imeneyo ndidzaichita mu Juni kapena Julayi, nthawi ya mwera.